Mtondo Wong'ambika wa Dailes

"Bambo, tiuzeni, munawalola bwanji mayiwa kuti ayambe bizinesi yaikulu chonchi?"

Mtolankhani wa wayilesi ya ku Chipata anafunsa atalozetsa maikolofoni kwa Whiteson, mwamuna wa Dailes. Pulogalamu yake inali ya amayi ochita bwino, ndipo ku Chiparamba anabwera kudzacheza ndi Dailes, mwini fakitale ya chiponde. Koma atapeza mwamuna atakhala pamwamba, mkazi ali pamphasa, analunjika kwa mwamunayo.

Kuseri kwa nyumba makina a Dailes anali kulira, amayi khumi ndi awiri akutseka mabotolo opita kumalire a ku Mwami.

"Ine ndinawathandiza kuyambira tsiku loyamba," anatero Whiteson akukonza kolala. "Mkazi amafunika kumuwongolera."

Dailes anadzuka n'kumangitsa chitenje.

"Bambo a Jesca, tanyamukani pang'ono."

"Simukuona kuti ndikuyankhula ndi mlendo?"

"Ndati nyamukani."

Whiteson ananyamuka. Chimene anakhalira sunali mpando, unali mtondo wakale wouzondotsa. Dailes anautembenuza pamaso pa mtolankhaniyo. Unali wong'ambika kuchokera kukamwa mpaka pansi, pamene panadutsa nkhwangwa pakuonekabe.

"Mtedza wanga woyamba ndinasinjira muno," anatero Dailes. "Anauwaza ndi bambowa, ati mkazi wogulitsa pamsika amachititsa mwamuna manyazi. Thandizo lawo ndi limeneli."

Whiteson anayang'ana pansi. Dailes anabwerera pamphasa pake, n'kulozera mtolankhaniyo malo pafupi naye.

"Tsikani mukhale apa, achimwene. Mufunse mwini wake."