Atomu ya Pabwalo la Sukulu

Choko chinali chitatha kalekale, choncho mphunzitsi Joaquina anajambula atomu pafumbi ndi kamtengo, pabwalo la sukulu ina kufupi ndi Ntengo-Wambalame, kutsidya kwa malire a Malawi. Analemba mizere iwiri yozungulira, pakati pake n'kuimikapo Glória, mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri.

"Iwe ndiwe nukileyo, mtima wa atomu. Usasunthe. Enanu ndinu maeletironi. Zungulirani!"

Ana anathamanga uku akuseka, fumbi lili koboo. Kenaka kuseka kuja kunangoti zii.

Patsinde pa bulugamu panali pataima munthu wa mfuti. Malaya ake anali nsanza zokhazokha, kumaso atakulunga kansalu, maso okha ali pamtunda.

Chinali chaka cha 1987, nkhondo ya pachiweniweni ili mkati, ndipo aphunzitsi ankasakidwa ngati nyama. Mwezi wapitawo, kuseri kwa phiri, anthu a m'tchire, zigawenga za nkhondoyo, anapha mphunzitsi ana ake akuona, atsikana okulirapo n'kuwatenga.

"Pitirizani," anatero munthu uja.

Joaquina anauza ana kuti akhale pansi. Anatulutsa maginito amene anachotsa m'wailesi yakufa, n'kumwaza tizidutswa ta waya papepala.

"Glória, gwira maginitowa kunsi kwa pepalali. Yendetsa pang'onopang'ono."

Tizitsulo tinadzuka n'kumalondola dzanja la mtsikanayo, koma panalibe mwana ndi mmodzi yemwe amene anadabwa. Joaquina ankafotokoza za mphamvu yokoka yosaoneka ndi maso, osamva n'komwe zimene akunena. Anaba diso. Munthu uja sankayang'ana maginito. Sankayang'ananso mphunzitsi. Maso ake anali pa Glória basi, kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Wasankha kale, anaganiza Joaquina.

"Pulofesola, tabwerani kuno," anatero munthu uja, kuitana mphunzitsiyo.

Joaquina anapita. Ana anapanikizana pamodzi, wina akulira chamumtima. Pafupi, munthuyo ankanunkha utsi ndi thukuta la masiku ambiri.

"Mtsikana munamuimika pakati uja," anatero motsitsa mawu. "Amakhoza?"

"Ayi, bambo. N'chitsiru. Ndiponso amagwa khunyu, tsiku lililonse. Sangayende ulendo wautali, angokuvutitsani m'njira."

"Khunyu? Linamuyamba liti?"

"Chibadwire."

"Ndi wa yani?"

Joaquina analibe mwana, ndipo kuderali anali mlendo wongotumizidwa ndi boma.

"Ndi wanga. Chonde, ngati mukufuna wonyamula katundu, tengani ine. Ndili ndi mphamvu. Uyu musiyeni."

Munthu uja anavula mfuti paphewa. Joaquina anatsinzina, akupempha mumtima kuti zichitikire kuseri kwa mtengo, ana asaone.

Anamva chitsulo chikugunda pansi. Atatsekula maso, munthuyo anali atagwada, kansalu kakumaso katanyowa.

"Mwanama bwino, mayi, Mulungu akusungeni. Glória alibe khunyu. Ndinamulera ndi manja angawa mpaka tsiku limene anthu a m'tchire anandigwira kumunda, zaka zisanu zapitazo. Anzanga afika pano mawa m'mawa. Wolokerani nawo onsewa ku Malawi lero lomwe, ndipo musamuuze kuti bambo ake mwawaona ali chonchi."