Kapaipi Kong'aluka

Injini inanjenjemera, inatsokomola kawiri, n'kuzima pageti penipeni. Mwana wanga wamkazi anatambasula dzanja pawindo.

"Aka n'kachitatu, bambo. Bweretsani makiyi. Tsiku lina idzakuzimirani pakati pa msewu lole ikubwera."

"Yadwala ndi galimoto, osati ine."

"Nonse awiri mwakalamba. Kwathu chipinda chilipo, muzikangopuma."

Ndinailizanso injiniyo, ndinamuuza kuti akhale pachiwongolero aziponda mafuta pang'ono, ine n'kutsegula boneti. Mapulagi ndinali nditasintha kale. Ndinawerama n'kutchera khutu, monga ankachitira malemu amayi ake, amene ankamva vuto ine ndikufunafuna sipanala. Pansi pa phokoso lonselo panali kamluzu kakang'ono. Ndinakatsata ndi chala mpaka pa kapaipi ka rabala kong'aluka kumapeto, kamene kankayamwa mpweya wosafunika.

Ndinadula pong'alukapo ndi mpeni, n'kukabwezera pamalo pake.

"Chotsa phazi."

Anachotsa. Injini inapitiriza kulira bwinobwino, osagwedezeka. Tinadikira. Sinazime.

"Mawa idzayamba china," anatero.

"Nachonso ndidzachipeza. Sendera uko, mayi. Mpandowo uli ndi mwini wake."