Hita ya Galu wa Abwana

"Tsegulani, a Luke. Chibwenzi chanucho ndichione lero," anatero Benedicta m'mawa wina, uku akumenya chitseko cha kanyumba kakuseri kwa abwana ku Midrand.

Chiyambire Juni, mwamuna wakeyo, yemwe ankagwira ntchito ya m'gadeni, anali atasiya kubwera kunyumba kwawo ku Zandspruit. Palafini anali atadula, ndiye Benedicta ankagona yekha mumkhukhu wamalata atakumbatira njerwa yowotcha pambaula, yokulunga m'chitenje. Pofika m'bandakucha njerwayo inkazizira ngati mwala wa pamanda.

A Luke anatsegula, ndipo mpweya wofunda unamuwomba Benedicta kumaso. Pakona pankayaka hita yamagetsi. Pamatiresi panali patagona chigalu cha abwana, chitavala juzi.

"Mkazi mnzako ndi ameneyu," anatero a Luke. "Abwana anati hita isazime, galu wawo angadwale chimfine. Ine ndimangomugoneka."

Benedicta anayang'ana galu, anayang'ana hita, kenako anayang'ana zala zake zouma ndi chisanu. Anavula nsapato.

"Ndiye mitala yayamba lero," anatero. "Auzeni mayi aang'onowo asendere."