Adzakuliramo

Panali mayi wina amene ankasoka zovala za ana m'nyumba mwake momwemo, makina ali pawindo la pabalaza. Mwamuna wake ankayendetsa galimoto yonyamula katundu maulendo ataliatali, moti kunyumba ankangofika ngati mlendo. Masiku ambiri m'nyumbamo munkakhala anthu awiri okha, mayiyo ndi mwana wake wamkazi wosakwana zaka zitatu. Ankamutcha Kamchira chifukwa ankamulondola paliponse, ngakhale kubafa.

Zovala zonse za Kamchira zinali za zidutswa zotsala pa nsalu za makasitomala. Koma tsiku lina mayiyo anagula nsalu yachikasu ya timaluwa toyera, n'kumusokera diresi lakelake. Analiika kolala ndi matumba awiri, poti mwanayo ankakonda kutola timiyala ndi zitsekerero za mabotolo. Kungoti analisoka lalikulu. Atamuyesa, diresi linkakwekwereza pansi, manja a mwana osaoneka.

Mlamu wake, mchemwali wa mwamuna, anali atabwera kudzacheza. Anaseka mpaka kugwira m'nthiti.

"Alamu, mwasokera mwana kapena mwasokera ine?"

"Adzakuliramo," anatero mayiyo.

"Pindani m'munsimu, mubweze m'mapewamu, avale. Kwa inu imeneyi si ntchito."

"Nsalu iyi ndi yabwino. Avale lero, mawa walipaka matope, mkuja lamuthina. Ndiye ndapindulanji?"

"Mwana wa telala n'kumayenda ndi zigamba ngati wamasiye? Alamu, mwana sadziwa mawa. Iye chake ndi lero."

Mayiyo anamuvula diresi lija, mwana akulira, n'kulipinda bwinobwino kuliika m'sutikesi pamwamba pa kabati. Pofuna kumutonthoza, anatenga choko cholembera nsalu n'kujambula mzere pa felemu la chitseko, pamwamba pang'ono pa mutu wa mwanayo.

"Ukadzafika apa, udzavala."

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse Kamchira akadzuka ankathamangira pachitseko, asanasambe n'kumaso komwe. Ankatsamira felemu, kuima ndi zala zakumapazi, khosi atalisolola ngati nkhuku ikumwa madzi.

"Amama, ndafika?"

"Watsala pang'ono. Idya kaye."

M'mawa wina mayiyo akupalasa makina, anazindikira kuti m'nyumba mwangoti zii, zomwe kwa mwana wa msinkhu umenewu si zabwino. Potembenuka anapeza Kamchira waba choko chija, wajambula mzere wakewake wokhotakhota pansi pa wa amayi ake, pomwe pankalekezera mutu wake.

"Amama, onani. Ndafika!"

Mayiyo anaseka. "Kathyali iwe! Bweretsa choko changa."

Anamulanda choko, anamupukuta m'manja, n'kubwerera pa makina chifukwa panali yunifolomu ya mwana wa eni yofunika tsiku lomwelo.

Madzulo mwana anatentha thupi. Mayiyo sanachedwe naye, anamubereka n'kuthamangira kuchipatala, ndipo anawagoneka. Anaimbira mwamuna wake, koma anali kutali, foni ikungodukaduka. Pabenchi la m'mbali mwa bedi anakhalapo yekha.

Nthawi ina mwanayo anatsegula maso.

"Amama, ndafika?"

"Wafika, mwanangu. Wafika ndithu. Tikapita kunyumba ukavala."

Kamchira sanabwererenso kunyumba wamoyo.

Amayi osambitsa thupi atafunsa chovala choti amuveke, mayiyo anakwera pampando n'kutsitsa sutikesi ija. Diresi linali likadanunkhira utsopano. Mlamu wake anati alipinde ndi mapini basi, palibe angaone. Iye anapukusa mutu. Anakhala pa makina, anthu ali mbwee m'nyumba, ndipo sanagwire tepi yoyezera. Miyeso anali nayo m'manja. Anabweza m'mapewa, anafupikitsa manja, anapinda m'munsi. Madzi amene amayi aja anatereka panja anali asanawire pomwe iye ankadula ulusi womaliza.

Linamukwana ndendende.

Maliro atatha, abale anabalalika mmodzimmodzi. Mwamuna anakhalako pang'ono, kenako ntchito inamuitana. M'nyumba munatsala mayiyo ndi makina. Poyenda kupita kukhitchini ankapezeka wacheuka kumbuyo, ngati kuti pali wina woti asamuponde.

Patapita miyezi anayambanso kusoka. Tsiku lina kunabwera mayi wina ndi kamtsikana kake, nsalu ili m'manja.

"Amayi, musoke lokulirapo ndithu. Adzakuliramo."

Mayi wosoka uja anagwada, anamuyesa mwanayo mwakachetechete, n'kunena osadzutsa mutu:

"Nsalu yotsalayo ndiibisa mkati mwa mpindiro. Akakula mudzabwere nalo, ndidzamasula, simudzalipira. Koma likatha avale tsiku lomwelo."

"Nanga akalidetsa?"

"Mudzachapa."

Kenako anafunsa mwanayo ngati akufuna matumba.

Mayi ameneyu alipo, ndipo akusokabe. Amakolopa nyumba yonse, amapukuta mawindo ndi zitseko. Pa felemu la chitseko cha kuchipinda pali mizere iwiri ya choko, wina wowongoka, wina wokhotakhota. Pakati pake pamakwana zala zinayi.

Phunziro: Kusamala zinthu si kulakwa, koma mwana amene muli naye ndi wa lero, wa chaka chamawa simunamuone. Ngati muli ndi kanthu kabwino komwe mwamusungira m'sutikesi, katsitseni avale, adetse, muchape. Tumizirani makolo anzanu uthengawu, makamaka amene ali ndi ana ang'onoang'ono.