Dzira Lavomera

Dokotala anatembenuza sikirini kuti telala ndi mkazi wake aone. Patatha zaka zisanu ndi zinayi ali opanda mwana, dzira lawo linali litagawika pawiri m'kambale ka ku labu.

"Lavomera," anatero dokotala.

Telala anapukuta manja pa thalauza. "Adokotala, dzira lilibe maso. Lazindikira bwanji mbewu yanga?"

"Zonse ziwiri zili ndi mapuloteni apakhungu, omwe akhala akusinthira limodzi kuyambira kalekale. Amalowana ngati batani ndi kabowo kake. Mbewu imodzi ikalowa, dzira limatseka khomo."

Za batanizo telala anazimvetsa, mtima wake unakhala pansi.

Mkazi wake anamugunda ndi chigongono, misozi ili mbwembwembwe. "Mwamva, bambo? Latengera ine. Anandifunsira ambiri, koma ndinatsegulira inu nokha."