Muphwa Amene Anasuntha Nthambi Paphiri

Kunali munthu wina, pantchito ankamutcha Kaliwiro, amene anawachita chiwembu amalume ake enieni chaka chimene mwana wa bwana anatenga depoti ya simenti. Si nkhani yopeka iyi. Amene analipo akadali moyo.

Amalumewo ndiwo anamulera bambo ake atathawa banja. Ndiwonso anakagwada kwa kapitao kuti amulembe ntchito yonyamula matumba, n'kumuphunzitsa kaikidwe ka thumba paphewa kuti msana usathe msanga. Iwo anakalambira momwemo, fumbi la simenti lili tho m'chifuwa, koma thumba silinawapulumukepo.

Bwana wamng'onoyo atangofika anati onyamula achuluka, mmodzi achoke. Kale lonse wochoka ankakhala amene analowa pomaliza, ndiye kuti Kaliwiro. Koma bwanayu anali wa zothamangathamanga. Analamula kuti Loweruka onse akwere phiri la kuseri kwa tauni, kupita m'mawa kubwera masana, ati kulimbitsa umodzi. Umodzi wake uti? Aliyense anadziwa kuti wolephera kufika pamwamba ndiye watsanzika.

Mayi a Kaliwiro anapita kukadandaula kwa achimwene awo. Amalumewo anawauza kuti asade nkhawa, onse awiri akafika pamwamba, bwana akasowa wolozera chala.

Wotsogolera anali dalaivala wa lole, amene ankakonda kukapemphera kuphiriko. Patsinde anawauza zinthu ziwiri. Pamphambano iliyonse iye aziika nthambi yaiwisi chopingasa panjira yolakwika, ndipo munthu asailumphe. Komanso wina asadule njira m'nkhalango, chifukwa miyala ya m'menemo ndi ya ndere.

Achinyamata anauyamba mothamanga. Mkulu uja anatsalira m'mbuyo ndi magambuti ake, phazi ndi phazi.

"Amalume, tikutumizireni wilibala?" anatero wina.

"Bwera nayo, potsika ndikunyamuliremo."

Kaliwiro anauza bwana kuti iye atsala ndi amalume ake. Anthu anayamikira, amvekere mwana woleredwa bwino. Anayenda limodzi m'mitengo, nkhalamba ikutsokomola koma osaima. Kaliwiro ataona kuti munthuyu afikadi, anagwira pamimba.

"Amalume, m'mimba mwandivuta. Nditsogoleko ndikadzithandize, mundipeza."

"Pita mphwanga, usavutike nane."

Anathamangira pamphambano yomaliza, n'kukoka nthambi ija kuichotsa panjira yolakwika, n'kutseka nayo njira ya kunsonga. Atatero anailumpha, ulendo.

Amalume atafika analemekeza nthambi monga anauzidwira. Njira yotsegukayo inawatsitsira kukamtsinje, inawakwezanso, mpaka inakathera paphompho. Anaitana muphwa wawo, poopa kuti mwina wagweramo. Tangoganizani, kumuliriratu munthu amene pa nthawiyo anali kunsonga, akuuza bwana kuti chifuwa chawakanika amalume, abwerera. Anajambulitsa chithunzi ataima pambali pa bwanayo, mano onse pamtunda.

Mkulu uja atabwerera pamphambano anaona mzere m'matope pamene nthambi inakokedwa. Pambali pake panali chidindo cha nsapato zimene iwo omwe anapatsa muphwa wawo tsiku loyamba ntchito. Kumtunda kunkamveka malikhweru a anthu akutsika. Sanakwerenso. Anatola nthambiyo, anakhala pamwala, anaiika pamiyendo n'kudikira.

Woyamba kutsika anali Kaliwiro, monga mwa dzina lake. Ali chapatali anaona amalume ake kudzera m'mitengo, ali phee, nthambi ili pamiyendo. Nkhalambayo sikanamumenya, mphamvu zake ziti? Inkangofuna kumuyang'ana m'maso. Koma zimenezo ndi zimene iye sanazifune. Anakhotera m'nkhalango kuti akatulukire kumunsi. Dalaivala anamukuwira kuti abwerere, iye osacheuka. Anaponda mwala wa ndere, miyendo m'mwamba, n'kukagwera m'chigwembe. Fupa la m'chiuno linathyoka.

Anamutsitsa pamachira a mitengo ndi majekete. Achinyamata a wilibala aja ankangosinthana, mapewa akuwawa. Ngodya imodzi inagwiridwa ndi munthu mmodzi kuchokera pamphambano mpaka pamsewu: amalume omwewo, akutsokomola.

Muganiza anawathokoza? Lolemba bwana anawaitana n'kuwaonetsa chithunzi pafoni. Anati awerenge okha amene akuoneka pamenepo. Atayesa kufotokoza za nthambi, bwanayo anati alibe nthawi ya nkhani za m'tchire, akasiye ovololo kwa kapitao. Dalaivala, wa mapemphero uja, anaona zonse koma anangoti kukamwa tseke, poti naye ali ndi ana.

Mlongo wawo, mayi a Kaliwiro, anawapeza amalumewo pakhonde la chipatala, osawapatsa ndi moni womwe.

"Achimwene, mukanangotsika osakhala pamenepo, mwana wanga akanavulala?"

Mpaka lero sawalankhula. Pamaliro akakumana amayang'ana kumbali, ngati amene anakoka nthambi ndi iwo.

Kaliwiro anatuluka m'chipatala mwendo umodzi utafupika. Bwana uja anati depoti si malo a odwala, ndipo analemba mlamu wa kapitao. Panopa Kaliwiro amayendera ndodo. Amakhala panja pa geti ya depoti yomweyo, kukung'untha matumba otha simenti n'kumagulitsa kwa owotcha makala.

Phunziro lake nali: amene anakuphunzitsa kusenza usamutsekere njira, chifukwa potsika udzadzera pomwepo ndipo udzamupeza atakhala. Inunso akuluakulu, muphwa akati mundipeza, yang'anani pansi musanakhote. Musangowerenga n'kukhala nayo, itumizeni kwa onse amene analeredwa ndi amalume awo, makamaka amene anaiwala.