Pruitt Sanaoneke M'bwalo

Makina ometera anali atangofika pakati pa mutu wa Tavaris pamene bambo Otis, wometayo, anayamba kunyoza Pruitt, wosewera mpira wa ku America wogwetsana uja.

"Nambala 27 uja ndi mbava, Lamont! Lamlungu lija unamva dzina lake pa TV? Sanagwetse munthu, sanalande mpira, ngakhale kuukhudza komwe. Wotchinga kumbuyo wanji amene amatuluka m'bwalo yunifolomu ili mbee ngati akuchokera ku ukwati?"

Lamont, amene ankadikira pabenchi akukukuta phiko la nkhuku, anaseka chikhakhali. "Amuchotse basi, achikulire. Mlamu wanga wachimimba uja angachite bwino."

Tavaris anakukuta mano. Pakati pa mapazi ake panali thumba lakuda la zinyalala. Munali nsapato zosewerera, magolovesi, ndi chithunzi cha mwana wake wamkazi. Timu ikakuchotsa ntchito imakulongedzera choncho, ngati ndiwe zotsala za dzulo. Kochi anamuitana m'mawa womwewo, osamuyang'ana n'kumaso komwe. "Lamlungu sitinakuone m'bwalo," anangotero.

Tavaris analowa mometeramo podikira basi, kuti akafike kwa mkazi wake akuonekabe ngati munthu. Palibe anamuzindikira. Chisoti chosewerera chimabisa nkhope.

"Ndiimbira wailesi masana ano," anapitiriza bambo Otis. "Anthu amve kuti Pruitt ndi mlesi."

Tavaris anakankha dzanja la wometayo, tsitsi n'kuwazikira pansi.

"Bambo, inu mumaonera mpira kapena mumaonera kamera?"

Anapitiriza osadikira yankho.

"Kamera imatsata mpira. Nanga mpirawo unalekeranji kupita mbali ya Pruitt? Woponya mpira wa timu inayo amati akacheukira kumeneko, n'kupeza mnzake woti awakhe mpirawo wamatiriridwa ngati ndi nkhupakupa. Akhotere kumanja, Pruitt ali pomwepo. Anamize kumanzere, mpweya wa Pruitt uli m'khosi. Ndiye woponya aponyerenji? Ntchito ya wotchinga ndi imeneyo, kuti mbali yake kukhale chete! Koma inu mukufuna magazi ndi matope. Munthu akagwira ntchito yake bwinobwino, mukuti waba. Mukudziwa kuti pakamwa ngati panupa pamachotsetsa anthu ntchito? Anthu a ana awo!"

Tavaris anatembenuka pampando. Phazi lake linagunda thumba lija, golovesi imodzi n'kugwera poyera.

Lamont anasiya kutafuna. Bambo Otis anayang'ana golovesiyo, kenako thumba, kenako mapewa otambalala a mnyamatayo pagalasi. Thumba lotere ankalidziwa. Aliyense wokonda mpira amalidziwa. Anazimitsa makina.

"Ambuye wanga," anatero motsitsa mawu. "Akuchotsa? Mwana wanga, undikhululukire. Pakamwa panga ndi pa mbuli ya mpira, sindinasewerepo n'kamodzi komwe. Wailesiyo sindiimbiranso. Sindimadziwa kuti ndikumeta Pruitt mwini wake."

Tavaris anatola golovesi ija, naiponya m'thumba.

"Pruitt ali ku ntchito, bambo, ndipo ayenera kukhalako. Ine ndine nambala 84 wa timu inayo, wowakha mpira amene Pruitt anamutsekera tsiku lonse." Anakhazikika pampando. "Malizani kumetaku, basi ingandisiye."